Kwa Achimwene a ku Bangula Amene Akufuna Njinga Yamoto Yaikulu: Kodi Ndinanong'oneza Bondo?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Bangula amene amagwira ntchito ku Nsanje boma. Iwo ayenda zaka zinayi pa njinga yamoto ya 125cc, asunga ndalama, ndipo tsopano akufuna ya 500cc kapena 650cc yoti azipitira kuntchito komanso yoti iziwafikitsa ku Blantyre ndi kunyanja pa nthawi ya tchuthi. Akuti mayi a kunyumba akuumirira galimoto. Kalata yawo inathera pa funso limodzi lokha, lakuti, "Inu amene munagula kale, kodi simunanong'oneze bondo?"

Achimwene, ndakhala masiku asanu ndisanakuyankheni chifukwa funso limenelo ndinadzifunsapo ndekha, ndipo ndikukumbukira tsiku lake ndi malo ake. Linali Loweruka m'mwezi wa Sepitembala 2023, pa khwawa louma limene timawoloka popita kwa mayi anga, kuseri kwa msika wa kwa Tengani. Ndinali nditangotha miyezi iwiri ndi njinga yatsopanoyo. Nditalowa mumchenga, tayala lakutsogolo linakhotera kumanzere, ine ndinatseka mafuta chifukwa cha mantha, ndipo njinga inagona pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa. Sindinavulale, koma ndinayesa katatu kuidzutsa osatheka, dzuwa lili pamutu, thukuta likulowa m'maso, mchenga ukuwotcha m'mawondo. Pamene ndinkapuma, mnyamata wa kabaza anadutsa pomwepo pa Lifo yake atanyamula mayi wobereka mwana ndi thumba la mapira, ndipo sanagwedezeke n'komwe. Atatsitsa anthu ake kutsidya anabwerera wapansi kudzandithandiza, ndipo titaiimika anandifunsa mwaulemu kuti, "Bwana, njinga yolemera chonchi mumapita nayo kuti?" Madzulo a tsikulo ndinakhala pakhonde la mayi anga ndikuwerengera ndalama zimene ndikanapeza ndikanaigulitsa mawa lake.

Kuti mumvetse chimene chinandifikitsa pamenepo, ndiyambe ndi ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku. Ine ndimakhala ku Nchalo koma ndimagwira ntchito ku Chikwawa boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kutanthauza makilomita 60 patsiku, masiku asanu pa sabata. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayenda ulendo umenewu pa njinga ya 125cc, ndipo sindidzainyoza, chifukwa inandisunga pantchito, inatengera ana kuchipatala usiku, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo ankaidziwa. Chimene chinanditopetsa chinali chitunda cha Thabwa. Aliyense wa kuno akudziwa kuti pochoka pa mlatho wa Kamuzu kupita ku Blantyre munthu amakwera kuchokera pansi pa chigwa, pamene sipafika mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kukafika pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamsewu wokhotakhota umene malole odzaza katundu amakwera ngati akukwawa. Pa kanjinga kaja ndinkakhala kumbuyo kwa lole pa giya yachiwiri, ndikupuma utsi wakuda, wopanda mphamvu yodutsira, pamene minibasi ikundiimbira hutala kumbuyo n'kundikankhira kumphepete. Tsiku lina ndili ndi mayi a kunyumba kumbuyo, injini inatentha mpaka tinaima pakati pa chitunda kwa theka la ola. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kusunga ndalama.

Ndinagula m'mwezi wa Julaye 2023 ku Blantyre, kwa munthu amene anaiitanitsa kuchokera ku South Africa n'kuyenda nayo pang'ono. Ndi Honda CB500X ya 2019, ya injini ya masilinda awiri ya 471cc yozizira ndi madzi, yokhala ndi magiya asanu ndi limodzi, thanki yolowa malita oposa 17, ndipo ikadzaza mafuta imalemera makilogalamu pafupifupi 197. Nambala yomalizayi ndinaiwerenga ndisanagule koma sindinaimvetse. Ndinaimvetsa pa khwawa lija. Ndisanaikwere n'komwe panali za mapepala. Laisensi ya A1 imene ambiri tili nayo imathera pa 125cc, choncho ndinayenera kupita ku Road Traffic kukapeza ya A, kusintha dzina la mwini wake, kuonetsetsa kuti msonkho wa MRA unalipidwa pamene inkalowa m'dziko, kudula inshulansi ndi kupimitsa COF. Zonsezi zinanditengera maulendo atatu okwera Thabwa pa minibasi. Musalole kugula njinga yaikulu imene mwini wake akuti mapepala abwera pambuyo, chifukwa kanjinga kakang'ono kamabisala pakati pa anzake, koma iyi wapolisi aliyense wa pa rodibuloko amaiona ili kutali ndipo amafuna kuiyang'ana.

Masabata oyamba pa phula anali okoma, ndipo sindibisa. Ulendo wa ku Chikwawa umene unkandisiya ndi dzanzi m'manja unasanduka wopepuka, chifukwa liwiro limene kanjinga kaja kankalira nalo ngati kakutha, iyi imayenda nalo injini ikungong'ung'udza pansipansi. Mphepo ya malole obwera kutsogolo siinkandikankhanso. Maenje amene madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya m'misewu yathu ndinkawadutsa msana osapweteka, popeza tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 19 ndipo masipuling'i ake ndi aatali. Tsiku loyamba kukwera nayo Thabwa ndinadutsa malole atatu motsatizana pa giya yachitatu, ndipo nditafika pamwamba ndinaima n'kuyang'ana pansi, Shire akunyezimira pakati pa minda ya nzimbe, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba pa chitunda chimenecho.

Koma kukoma kumeneku n'kumene kuli ngozi yoyamba, ndipo ndikufuna muimve bwino. Njinga yaing'ono imakuchenjeza: ikathamanga imanjenjemera, imalira, thupi limadziwa lokha kuti pano ndafika pamalire. Yaikulu siichenjeza. Umangoona kuti mitengo ikudutsa msanga, ukayang'ana pa wotchi n'kupeza kuti wapitirira kwambiri liwiro limene umaganiza. Ndipo msewu wa M1 kuno kwathu si wa magalimoto okha. Ndi wa mbuzi zimene zimagona pa phula, ng'ombe zopita kumadzi, ngolo zopanda nyali, ana a sukulu, njinga zakapalasa zonyamula makala mopingasa, ndi mitengo ya nzimbe imene imagwa m'malole nthawi yodula n'kuphwanyika pamsewu, malo n'kukhala oterera ngati pathira sopo. Pakati pa Dyeratu ndi Bereu mbuzi inadumphira kutsogolo kwanga m'mwezi wanga woyamba, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi mabuleki a ABS, amene amaletsa tayala kumangika n'kutsetsereka munthu akaponda mwadzidzidzi. Kuchokera tsiku limenelo ndinadziikira lamulo lakuti dzuwa likalowa njinga ikhale ili m'nyumba. Madzulo kuno kumadzaza tizilombo touluka tochokera m'minda yothirira ndi m'madambo, timene timamatirira pagalasi la chipewa mpaka munthu osaona, ndipo ngolo yopanda chonyezimira umaizindikira utafika kale pamsana pake. Inu amene msewu wanu ukudutsa m'mphepete mwa Shire kuchokera ku Bangula kudzera kwa Phokera ndi kwa Tengani mukudziwa bwino kuposa ine mmene ziweto zimachulukira kumeneko.

Ndibwerere kumchenga kuja, chifukwa ndiko kunagona phunziro lalikulu la miyezi yoyamba. Njinga ya mtundu uwu inapangidwira phula ndi msewu wafumbi wolimba. Matayala amene inabwera nawo ndi osalala, ndipo kulemera kwake kumakanikiza lakutsogolo kuti lizimire. ABS yomwe inandipulumutsa pa phula, pamiyala yoyoyoka imatalikitsa mtunda woimira, ndipo pa njinga iyi palibe batani loizimitsira. Ndinaphunzira mochedwa kuti mumchenga munthu sayenera kutseka mafuta, koma kuimirira pa zopondera, kukankhira thupi kumbuyo, kuyang'ana kutsidya kumene akupita, ndi kusunga liwiro lofanana pa giya yachiwiri. Ndinaphunziranso kuti njinga yogwa siidzutsidwa ndi manja utayang'anizana nayo. Umaipatsa msana, n'kugwira chiwongolero ndi chitsulo chakumbuyo, n'kukankha ndi miyendo ukubwerera chammbuyo. Palibe anandiuza zimenezi pogula. Pa kugwa kuja chogwirira cha kilatchi chinathyoka, ndipo chinthu chimene pa 125cc ndikanachipeza pamsika wa Nchalo tsiku lomwelo chinanditengera masabata atatu kuti chifike kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa mnzanga woyendetsa lole. Masabata amenewo ndinkayenda ndi chogwirira cha njinga ina chimene makaniko anachipala ndi tupa kuti chilowe.

Ndiye pali kutentha. Anthu amene amalemba za njinga zoterezi amakhala kumaiko ozizira, ndipo amadandaula za mvula ndi chisanu. Ife m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala timaona kutentha kopitirira madigiri 40, ndipo pa kutentha koteroko mphepo ya paulendo siiziziritsa; imakhala ngati munthu waima pakhomo la uvuni wa njerwa. Injiniyo payokha siinandivutitsepo, chifukwa madzi ndi rediyeta zimagwira ntchito yake, koma ukaima pamsika wa Dyeratu kapena pa mzere wa mafuta, fani imayaka n'kuuzira mpweya wotentha m'miyendo. Mpando wakuda ukakhala padzuwa maola awiri sukhalika, choncho ndimayenda ndi chitenje chakale chofundika. Choopsa kwambiri ndi ludzu, chifukwa thukuta limauma usanalione ndipo umangozindikira kuti mutu ukulemera ndi maganizo akuchedwa. Tsiku lina pobwera kuchokera ku Nsanje masana ndinaima ku Ngabu manja akunjenjemera, ndipo ndinamwa malita awiri a madzi ndisanathe kuyankhula bwino. Tsopano nyengo yotentha ndimanyamuka 5 koloko m'mawa, ulendo wautali sindiuyamba pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko, ndipo botolo la madzi limakhala m'chikwama nthawi zonse. Loweruka lililonse ndimatsuka rediyeta ndi madzi a m'ndowa ndi kaburashi kofewa, chifukwa tizilombo, fumbi ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa zimatseka timipata take. Mnyamata wina wotsuka magalimoto anaipopera ndi madzi amphamvu a makina n'kupinda timapepala take tachitsulo, ndipo ndinatha tsiku lathunthu ndikutiwongola ndi kamtengo.

Mwanena kuti mayi a kunyumba akufuna galimoto, ndipo pamenepa mwandikhudza pabala. Abale anga anandiuza mawu omwewo: ndalama zimenezo bwanji osawonjezera pang'ono n'kugula Sienta, imene mkati mwa sabata ingamanyamule anthu n'kubweza ndalama zake? Ena anapitirira n'kunena kuti ndagula njinga ya azungu pofuna kudzionetsera. Miyezi yoyamba mawu amenewa ankandilowa mumtima, makamaka tsiku limene kunagwa maliro kumudzi ndipo sindinathe kunyamula munthu woposa mmodzi. Lero ndikukana mosazengereza. Munthu amene amayenda yekha makilomita 60, kapena pafupifupi 100 ngati inu, tsiku lililonse, sakudzionetsera akafuna chokwera chimene chimadya theka la mafuta a galimoto, chimene chimadutsa pamene msewu wakokoloka magalimoto ataima mzere, ndipo chimene sichimamupha msana asanafike zaka 50. Kuno kwathu tinazolowera kuganiza kuti njinga yamoto ndi chinthu cha munthu amene sanakwanitse galimoto, ndipo maganizo amenewa ndi amene amachititsa kuti oyendetsa minibasi azitikankhira kunja kwa phula ngati sitinadule msonkho. Komabe mayi a kunyumba kwanu sakulakwa pa chinthu chimodzi, ndipo muwamvere: njinga siinyamula banja. Ngati m'nyumba mwanu vuto lalikulu ndi la kutengera ana atatu ndi agogo kuchipatala, palibe kukula kwa injini kumene kungathetse vuto limenelo, ndipo nkhaniyi muyenera kuimaliza awiri musanapite kukaona njinga iliyonse.

Pali chinthu china chimene sindinyengerera aliyense. Amene alibe ndalama yogulira zovala zodzitetezera alibenso ndalama yogulira njinga ya 500cc. Ndimaona anthu akuthamanga atavala patapata, chipewa chili pamwamba pa mutu chingwe chikulendewera, ena atachipachika pachiwongolero n'kumachivala akayandikira apolisi. Chipewa chosamanga chimachoka munthu asanafike pansi. Timanamizira kutentha, koma alipo majekete a nsalu ya maukonde olowa mphepo okhala ndi zotetezera m'zigongono, m'mapewa ndi kumsana, ndipo langa ndimalivala ngakhale mu Novembala. Magolovesi, nsapato zokwirira akakolo ndi buluku lolimba si zokongoletsera. Kumbukirani kumene tikukhala: munthu akathyoka kwambiri ku Bangula, thandizo la madokotala a mafupa nthawi zambiri limakapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 120 ndi chitunda chonse cha Thabwa pakati. Ndinakhalapo m'chipinda cha ovulala kumeneko ndikudwazika mphwanga amene anagwa pa kabaza, ndipo mabedi ambiri oyandikana naye anali a anthu a njinga zamoto.

Za mafuta

Ine ndimapeza makilomita pakati pa 26 ndi 28 pa lita imodzi ndikamayenda modekha, ndipo thanki yodzaza imandifikitsa kupitirira makilomita 400. Kanjinga kaja kankandipatsa oposa 40 pa lita, kotero ndalama ya mafuta inakwera ndi theka, ndipo muiwerengere pa mtunda wanu musanagule. Koma vuto lenileni si kuchuluka kwake, ndi kumene mafutawo achokera. Njinga iyi ilibe kabuleta. Ili ndi pampu yamagetsi mkati mwa thanki ndi timabowo tating'ono kwambiri topopera petulo mu injini. Kabuleta ikalowa zinyalala, makaniko amaimasula n'kuiuzira ndipo ulendo umapitirira. Pampu ikafa, njinga imakhala m'nyumba mpaka ina ibwere kuchokera kunja. M'miyezi imene mafuta ankasowa, anzanga a njinga zazing'ono ankagula a m'mabotolo kwa mavenda, pamene ine ndinkagona pa mzere kapena kukwera minibasi, chifukwa sindinkadziwa chimene chasakanizidwa m'botolo ndiponso m'chigubu chimene adutsa. Kamodzi kokha ndinagula, ndili ku Sorgin nyali ya mafuta ikuphethira, ndipo ndinasefa ndi nsalu yoyera. Zimene zinatsala pansaluyo zinandikwanira. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa kuno komwe ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za shuga wa ku Nchalo. Njinga imayenda naye bwinobwino, koma ethanol amakoka chinyezi, choncho si bwino kuisiya miyezi itaima thanki ili theka, makamaka nthawi ya dzinja. Dziwaninso kuti ilibe kiki. Batire likafooka, ndipo kutentha kwathu kumafupikitsa moyo wa mabatire, mukufunika anyamata atatu oti akankhe makilogalamu 197 pamsewu wopanda chitsetso.

Za matayala ndi amakaniko

Apa ndi pamene ndalama zinandithera mosayembekezera. Tayala lakumbuyo la 160/60-17 silipezeka pamsika uliwonse wa m'chigwa muno, ndipo ngakhale ku Blantyre umachita kufunsa masitolo angapo kapena kuitanitsa. Langa linatha mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo umene ndinauzidwa kumayambiriro kwa mwezi sunali umene ndinalipira kumapeto kwake. Tayala limodzi linadya ndalama yoposa imene ndinkagulira matayala anayi a kanjinga kaja. Phula lotentha limadya labala msanga, ndipo ulendo wowongoka wa tsiku ndi tsiku umalidya pakati pokha mpaka kukhala lafulati m'mbali muli mwatsopano. Ubwino wake ndi wakuti matayalawa alibe chubu, choncho msomali kapena munga ukalowa, mpweya umatuluka pang'onopang'ono ndipo umamata ndi kachingwe ka labala osachotsa gudumu. Ndimayenda ndi zomatira ndi kapampu nthawi zonse. Koma malimu ake si a masipoko, ndipo dzenje lakuthwa ukaligunda mothamanga limu limapindika kapena kusweka.

Amakaniko athu ndi anzeru, ndipo ndimawalemekeza, koma nzeru zawo zinakulira pa njinga za silinda imodzi. Makaniko wabwino ndi amene anandiuza poyera kuti, "Bambo, iyi sindinaitsegulepo, ndikusinthirani oyilo ndi kumanga tcheni basi." Woopsa ndi amene anati njinga ndi njinga, n'kutenga nyundo ndi tchizulo kuti amasule nati imene imafuna sipanala ya muyeso wake, ndinamuletsa nyundo ili m'mwamba. Kuyambira pamenepo ndinagula zida zanga ndipo ntchito zing'onozing'ono ndimachita ndekha pakhonde. Buku lake limalola makilomita pafupifupi 12,000 oyilo asanasinthidwe, koma chifukwa cha fumbi ndi kutentha ine ndimasintha pa theka la mtunda umenewo. Sefa ya mpweya ndi ya pepala, siichapidwa, imangosinthidwa, ndipo kuno imada msanga kuposa mmene bukulo limanenera. Tcheni ndimachitsuka ndi palafini n'kuchipaka mafuta ake pakatha makilomita 500 aliwonse. Chizolowezi chathu chothira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini n'choipa pa tcheni chotere, chifukwa amagwira mchenga n'kusanduka phala lopala mano a magiya, ndipo tcheni ndi masipuloketi ake nazonso n'zoitanitsa.

Mukhoza kufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani sindinaigulitse monga ndinaganizira pakhonde la mayi anga. Yankho lake lili pa ulendo umene tinayenda ndi mayi a kunyumba chakumapeto kwa Disembala 2023, wochoka ku Nchalo kupita ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 350. Tinanyamuka kusanache, tinawoloka mlatho wa Kamuzu kukuyera, ndipo tinakwera Thabwa awiri ndi chikwama chathu injini osadandaula pa malo omwe aja tinaimapo theka la ola zaka zapitazo. Pamwamba mphepo inazizira mpaka iwo anapempha kuti tiime avale juzi, chinthu chimene munthu wa ku Nchalo sachita mu Disembala. Tinadutsa Blantyre misewu isanadzaze, tinamwa tiyi ku Zomba phiri lili m'mitambo, tinawolokanso Shire yemweyo pa Liwonde, kumene madzi ake ndi omwe amadzatipeza kuno kumunsi, ndipo tinafika kunyanja dzuwa lisanapendeke, pa thanki imodzi, popanda kuima pa mzere uliwonse. Pa minibasi ulendo umenewu ndi wa tsiku lathunthu ndi kusintha kanayi. Mayi a kunyumba, amene kwa miyezi isanu ankaitcha njingayo "mkazi wachiwiri", anatsika n'kunena kuti chaka chamawa tipite ku Nkhata Bay. Pobwerera ndinaphunzira kuti kutsika Thabwa ndi munthu kumbuyo kumafuna giya yotsika kuti injini igwire njinga, osati kukanikiza mabuleki chitsetso chonse, chifukwa akatentha amafooka. Fungo la mabuleki opsa a malole limene timamva pamenepo ndi chenjezo kwa ifenso. Kuchokera nthawi imeneyo ndapita ku Mulanje kudzera ku Thyolo kawiri, ndipo Lamlungu lina ndinangopita kukaona Kapichira n'kubwerera nkhomaliro isanapse. Dziko limene ndinkaliona ngati lalitali linayandikira. Komabe ndikawerengera moona, maulendo oterewa sakwana khumi pa miyezi isanu ndi inayi, pamene masiku opita kuntchito apitirira 180, ndipo njinga imagulidwa chifukwa cha masiku khumiwo koma imadyetsedwa pa masiku 180 aja. Walira mvula walira matope.

Tsono yankho langa ndi ili. Ndinanong'oneza bondo miyezi itatu yoyamba, ndipo lero sindikutero. Ngati ulendo wanu wa ku Nsanje boma uli pa phula kuchokera pakhomo, ya 500cc ikukwanirani. Ya 650cc ndi yolemera kwambiri, imadya mafuta ndi matayala ochuluka, ndipo mphamvu yowonjezerayo mulibe poigwiritsa ntchito pakati pa mbuzi zathu. Ngati mumalowa kawirikawiri m'midzi yamchenga kapena kuwolokera tsidya la Makhanga, ganizirani zopepuka monga Honda CRF300L, ya makilogalamu pafupifupi 142 ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 21, ngakhale thanki yake ndi yosakwana malita 8. Musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira: patulani ya zovala, ya laisensi ya A, ya matayala awiri ndi ya chogwirira chapadera. Ndipo ya 125cc musaigulitse chaka choyamba, chifukwa idzakutengerani kuntchito masabata amene yaikuluyo ikudikira chipangizo, ndiponso ndi imene idzapite kumudzi nthawi ya matope. Ine ndinagulitsa yanga kuti ndikwanitse mtengo, ndipo pa zonse ndi chokhacho chimene ndikanasintha.

Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, bwerani ku Nchalo Loweruka lina m'mawa kusanatenthe. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kabwalo kamchenga. Tidzaigoneka pansi pa chiguduli, mudzaidzutsa nokha kawiri, kenako mudzaikankha chammbuyo kuchokera pa mpanda kukafika pa mtengo wa nimu. Mukatero tidzapita limodzi mpaka pa Thabwa kuti mumve mmene imakwerera. Mubwere ndi mayi a kunyumba ngati angalole, chifukwa anga akufuna kuwafotokozera okha za mpando wakumbuyo, ndipo muvale nsapato zotseka.